Kodi magetsi angadzutse mtsempha wovulala? Zimene ofufuza apeza, ndi zimene timakina ta pamsika timachita

Mlamu wanga amachita kabaza wa njinga yamoto pa Lizulu. Tsiku lina mvula itagwa usiku wonse, anaterereka atanyamula matumba awiri a mbatatesi, njinga n'kumugwera pamkono. Fupa la pakati pa phewa ndi chigongono linathyoka. Kuchipatala anamuika chikhakha ndipo fupalo linagwirana bwinobwino. Koma dzanja linatsala lili lende, ngati khosi la nkhuku yachitopa. Kulidzutsa sankatha, kutambasula zala sankatha, ndipo kuseri kwa chala chachikulu kunali dzanzi lokhalokha.

Kenako pa WhatsApp panayamba kuzungulira kanema: anthu ovala zoyera, makoswe, timawaya, ndi mawu akuti asayansi apeza kuti magetsi amachiritsa mitsempha. Sabata yomweyo, tsiku la msika, kunabwera munthu wogulitsa timakina ta mabatire tokhala ndi tizigamba tomata pakhungu. Madzulo ake foni yanga inalira. "Alamu, inu mumawerenga zinthuzi. Ndigule kapena ndisagule?"

Funsolo ndi lalifupi, koma yankho lake silingakwane pa foni, chifukwa pali magetsi a mitundu itatu amene anthu akuwaika m'dengu limodzi. A m'kanemayo ndi ena, a pamsika ndi ena, ndipo amene a mafizo amagwiritsa ntchito pa minofu ndi enanso.

Mtsempha wake uti?

Tiyambe ndi mawu, pakuti pano Chichewa chathu chimatisocheretsa. Umene namwino amausakasaka ndi singano potenga magazi timati mtsempha. Chingwe cholimba cha kuseri kwa chidendene, chija chimativuta kutafuna pa nyama ya mbuzi, timatinso mtsempha. Ndiye pali wachitatu, umene sunyamula magazi komanso sukoka fupa. Ntchito yake ndi kutumiza mauthenga. Ena amautcha mnyewa, koma mawu amenewonso ena amatchulira minofu. M'nkhani ino ndikati mtsempha, ndikunena wa mauthengawu.

Likulu la mauthenga ndi ubongo pamodzi ndi chingwe chodutsa m'kati mwa mafupa a msana. Kuchoka pamenepo mitsempha imayala thupi lonse mpaka kunsonga za zala. Ya kunja kwa likuluyi ndiyo nkhani yathu. Munthu wa sitiroko vuto lake lili mu ubongo, wothyoka msana vuto lili m'chingwe cha msana, ndipo malo awiri amenewo akawonongeka saphukanso mmene imaphukira mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo. Choncho zimene ndifotokoze pano musazitengere kwa agogo a sitiroko.

Mukasenda nthambo yamagetsi mumapezamo timawaya tambirimbiri. Mtsempha ulinso choncho: muli timaulusi masauzande, kalikonse kotchedwa akisoni. Tina timanyamula lamulo kuchoka kumsana kupita ku minofu, loti pinda, tambasula, gwira. Tina timabwera ndi nkhani kuchoka kukhungu, yoti apa pakutentha, apa pali minga. Ndipo uthengawo ndi magetsi ndithu, koma ochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a volt imodzi, pamene batire limodzi la tochi lili ndi volt imodzi ndi theka. Luigi Galvani wa ku Bologna ndi amene anatchukitsa zimenezi mu 1791, ataona miyendo ya chule wakufa ikuphiriphitha pokhudzidwa ndi magetsi.

Fanizo la waya lithere pomwepa. Waya ndi chinthu chakufa: mukalumikiza poduka, getsi limayaka nthawi yomweyo. Akisoni ndi yamoyo, ndipo imafanana kwambiri ndi nthambi ya dzungu yoyanga. Tsinde lake, lomwe ndi selo lenilenilo, lili kumsana. Ulusi wake umayanga kuchoka pamenepo, wina mpaka mita yathunthu kukafika ku chala cha kuphazi. Chakudya ndi zomangira zonse zimachokera kutsinde. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse ya magetsi yagona pa tsindelo.

Ukaduka, chimatsatira n'chiyani

Dulani nthambi ya dzungu pakati, mbali ya kunsonga imafota. Augustus Waller anaona zomwezo pa mitsempha ya achule mu 1850. M'masiku ochepa ulusi wonse wa kumunsi kwa bala umaphwanyika n'kutha. Ngakhale dokotala asoke mtsemphawo tsiku lomwelo, kufotako sikulephereka. Chimene amasoka ndi chikuto chakunja, kuti mphukira zatsopano zikapeze njira. N'chifukwa chake munthu amatuluka m'fiyeta opaleshoni itayenda bwino koma chala chili chidzanzire, achibale n'kumang'ung'udza kuti adokotala alephera.

Pozungulira ulusi uliwonse pali maselo a Schwann, amene m'masiku abwino amaukuta ngati pulasitiki wa pa waya. Ulusi ukafa, maselowa amasintha ntchito. Amathandizana ndi maselo oyera a m'magazi kusesa zinyalala, kenako amandanda m'mizere ngati anthu olambula msewu, n'kumatulutsa timadzi tokopa mphukira kuti zidutse mmenemo.

Mphukirazo zimayenda pang'onopang'ono: milimita imodzi patsiku, ndiye kuti masentimita atatu pamwezi. Tengani rula muyese nokha. Wodulidwa ndi lata kapena chikwanje povala wotchi, kuti mphukira zifike kunsonga ya chala ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Wa njinga yamoto amene wagwera phewa n'kudula mitsempha ya m'munsi mwa khosi, kuti zifike kudzanja ndi zaka ziwiri kapena kuposa.

Tsoka lake n'lakuti mnofu sudikira mpaka kalekale. Mnofu wosalandira uthenga uli ngati munda wosiyidwa. Chaka choyamba mukhoza kubwerera n'kulima, koma ukagonera nthawi yaitali umasanduka tchire. Madokotala amawerengera miyezi 12 mpaka 18. Ikapitirira pamenepo mnofu umakhala utafwapa, m'malo mwake mutalowa mafuta ndi zipsera, moti ngakhale mtsempha ufike umapeza palibe woulandira. Olambula msewu aja nawonso amatopa: maselo a Schwann akadikira miyezi yambiri osaona mphukira, amafooka n'kuchepa. Ndiye pali mpikisano pakati pa mphukira yoyenda ngati nkhono ndi munda umene ukumera tchire. Aliyense wofufuza za mitsempha akulimbana ndi mpikisano umenewu.

Sikuti kuvulala konse n'kofanana. Herbert Seddon, dokotala wa ku Britain amene ankathandiza ovulala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anakugawa patatu. Koyamba, mtsempha wangopanikizika koma ulusi uli wonse, monga zimachitikira munthu akakhuta kachasu n'kugona atakoleka mkono pampando. Ameneyo amachira yekha m'masiku kapena masabata. Kachiwiri, ulusi waduka koma chikuto chatsala, ndiye mphukira zimayenda zokha m'njira yakale. Kachitatu, zonse zaduka, ndipo popanda kusoka palibe chingachitike, kaya mubweretse makina amtundu wanji.

Za mlamu wanga zinali zodziwika kwa a mafupa. Mtsempha wodzutsa dzanja umazungulira fupa la mkono moligunda, moti mwa anthu othyoka fupa limeneli pakati, pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse amagwa dzanja. Mwa ogwa dzanjawo, pafupifupi 7 mwa 10 amachira okha popanda opaleshoni ya mtsempha. Apa m'pamene pamabadwira maumboni ambiri. Munthu agula makina mwezi wachiwiri, dzanja lidzuka mwezi wachinayi, ulemu n'kupita kwa makina. Wina anatemera mphini, ulemu upita kwa asing'anga. Sikuti akunama. Akunena zimene anaona. Koma kuti tidziwe ngati magetsi anathandizadi, pamafunika magulu awiri a odwala ofanana, lina lolandira magetsi lina ayi, osankhidwa mwamaere.

Ola limodzi, pa mtsempha penipeni

Kuchiza ndi magetsi si nkhani ya dzulo. Zaka pafupifupi 2000 zapitazo, sing'anga wa ku Roma dzina lake Scribonius Largus ankalangiza odwala mutu ndi nyamakazi ya kuphazi kuti akhudze nsomba ya m'nyanja yogwira nyesi. Ifenso tili nayo yathu ku Shire, yotchedwa nyesi, ndipo dzina lake lomwelo ndi limene timatchulira kugwidwa ndi magetsi. Koma zimene zili m'kanema uja zinayamba kumveka bwino mu 2000, ku University of Alberta mumzinda wa Edmonton ku Canada, m'gulu la Tessa Gordon, Abdulhakeem Al-Majed ndi Thomas Brushart wa ku Johns Hopkins.

Iwo anadula mtsempha wa pantchafu ya khoswe n'kuusoka, kenako n'kumawerenga mphukira zimene zadutsa. Anapeza chinthu chimene ambiri sankachiganizira. Mphukira sizinyamuka pamodzi. Zikafika pa msoko zimazungulirazungulira, zina kubwerera, zina kusochera, n'kumawoloka imodziimodzi. Kuti zonse ziwoloke n'kuyenda mamilimita 25 okha, panatenga masabata 8 mpaka 10, pamene kuwerengera liwiro lake zikanayenera kufika kale.

Taganizani anthu ochoka kumsika apeza Linthipe atadzaza. Mtunda wotsala kuti afike kwawo si wautali, koma pagombe pali chipwirikiti: wina ayesa apa, wina abwerera, wina akhala pansi kudikira. Ofika kunyumba usiku sachedwa chifukwa choyenda pang'onopang'ono, achedwa pa mtsinje.

Ofufuzawo anakoleka timawaya pa mtsempha, kumtunda kwa msoko, n'kupereka magetsi ochepa ogunda ka 20 pa sekondi iliyonse. Mphukira zimene zinkatenga masabata 10 zinawoloka m'masabata atatu. Chodabwitsa china, ola limodzi lokha linagwira ntchito mofanana ndi kupereka magetsiwo kwa masabata awiri osalekeza. Patapita zaka ziwiri Brushart ndi anzake anatsimikiza kuti magetsiwo sawonjezera liwiro la ulendo. Mphukira ikawoloka imayenda pa liwiro lake lomwe lija. Chimene chimasintha ndi cha pagombe: ambiri amawoloka msanga komanso pamodzi.

Nanga zimatheka bwanji? Apa m'pamene tsinde lija likubwereranso. Akisoni imanyamula uthenga mbali zonse ziwiri, choncho magetsi akagunda pa mtsempha, uthenga wina umabwerera kumsana, ku selo. Ofufuzawo atatseka njira yobwerera ndi poizoni wa nsomba ina, wotchedwa tetrodotoxin, phindu lonse linatha. Ndiye kuti magetsi sakugwira ntchito pabala ngati guluu kapena ngati owotcherera zitsulo. Akugogoda pachitseko cha selo. Selo likagogodedwa ka 20 pa sekondi kwa ola lathunthu, mumalowa mchere wa calcium, ndipo limayamba kupanga mochuluka puloteni yotchedwa BDNF, imene ili ngati feteleza wa mitsempha, komanso mapuloteni omangira ulusi, amene tingati ndi njerwa zake. Zonsezi zimatumizidwa kumunsi, kunsonga imene ikuphuka.

Pali chinanso chimene ogulitsa makina sachitchula. Mu 2007 gulu lina la ku Canada komweko linayesa pa timaulusi tonyamula kumva, ndipo linapeza kuti ola limodzi limathandiza koma kupitiriza maola ambiri kapena masiku phindu limazimiririka. Feteleza ukachulukitsa amatentha chimanga.

Kwa anthu zinayenda bwanji

Khoswe si munthu. Mtsempha wake ndi waufupi ndipo amachira msanga. Ndiye madokotala a ku Edmonton, motsogozedwa ndi K. Ming Chan, anayesa pa odwala.

Mu 2010 anatulutsa zotsatira za anthu 21 amene mtsempha unapanikizika kwambiri povala wotchi mpaka mnofu wa pansi pa chala chachikulu kufwapa. Onse anachitidwa opaleshoni yomasula mtsempha. Ena anawasiyira timawaya tiwiri pabala n'kuwapatsa magetsi ola limodzi, kenako timawayato n'kusololedwa. Poyeza ndi makina, a magetsiwo mitsempha inabwerera ku minofu m'miyezi 6 mpaka 8, pamene enawo chaka chinatha kusintha kuli kochepa. Koma pa mayeso a ntchito za tsiku ndi tsiku za dzanja, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni, ndipo ofufuzawo analemba zimenezo pamutu penipeni pa lipoti lawo.

Mu 2015 anayesa pa anthu 36 oduka mtsempha wa chala. Olandira magetsi atasokedwa anayamba kumva bwino kutentha, kuzizira ndi kukhudza pofika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuposa anzawo. Mu 2018 anayesa pa odwala khansa 54 amene opaleshoni ya pakhosi imawafoola mtsempha wa phewa, ndipo patatha chaka a magetsi mapewa awo ankagwira ntchito bwinoko. Mu 2020 kunatuluka za anthu 31 opanikizika mtsempha wa pachigongono, uja umati ukagunda pa tebulo nyesi n'kuthamangira ku chala chaching'ono. Anawatsatira zaka zitatu, ndipo a magetsi ankagwira ndi kutsina mwamphamvu kuposa enawo.

Zotsatirazi zikuloza kumodzi, ndipo n'zolimbikitsa. Koma onaninso manambalawo: 21, 36, 54, 31. Onse pamodzi sangadzaze mabasi atatu. Onse anayesedwa ndi madokotala a mumzinda umodzi, ndipo ambiri mwa iwo pa mitsempha ya pafupi ndi dzanja, pomwe ulendo ndi waufupi. Wa kabaza wothothoka mitsempha ya m'khosi ali ndi ulendo wautali kwambiri, ndipo kupulumutsa masabata angapo pagombe sikufupikitsa zaka ziwiri za m'njira. N'chifukwa chake njirayi sinakhale mwambo wa m'zipatala zambiri, ngakhale m'maiko olemera. Palinso vuto la nthawi. Ola limodzi lowonjezera m'fiyeta ndi ndalama, ndipo kunja kuli mzere wa odwala ena. Ofufuza a ku Washington University ku St. Louis akhala akuyesa ngati mphindi 10 zingakwanire, ndipo pa makoswe zaoneka kuti zikhoza kutheka.

A ku St. Louis omwewo, pamodzi ndi John Rogers wa ku Northwestern University, mu 2018 anaonetsa kachipangizo kopyapyala ngati pepala, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, kamene amakakulunga pa mtsempha n'kutseka bala. Kalibe batire. Mphamvu kamalandira kuchokera kunja kwa khungu popanda waya, ndipo pakatha masabata angapo kamasungunuka m'thupi ngati ulusi wosokera wa kuchipatala.  Anakayesa pa makoswe.

Magetsi enawo awiri

Kamakina ka pamsika kaja, ngati ndi kenikeni, nthawi zambiri kamakhala ka mtundu wotchedwa TENS. Kamapereka magetsi kudzera pakhungu, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa ululu. Maganizo ake anachokera kwa Ronald Melzack ndi Patrick Wall mu 1965: mauthenga a kukhudza ndi a ululu amalowera pachipata chimodzi kumsana, ndiye a kukhudza akachuluka, a ululu amapanikizika. Mwana akagunda mutu timamusisita pa chifukwa chomwecho. Ena kamawathandiza pamene kali pathupi ndi kanthawi pang'ono pambuyo pake, ena sikawathandiza. Koma kunyerenyetsa kwa pakhungu si chimodzimodzi ndi waya wokoleka pa mtsempha womwe wangosokedwa kumene, ndipo zotsatira za ku Edmonton sizinachokere pa makina otere.

Mtundu wachitatu ndi wogwedeza minofu. A mafizo amaugwiritsa ntchito makamaka pamene mtsempha uli moyo koma mnofu wafooka, mwachitsanzo bondo likatuluka m'chikhakha, kapena mtsempha ukayamba kubwerera ndipo munthu akuphunziranso kulamula mnofuwo. Pa mnofu umene mtsempha wake unafa, nkhani imavuta. Timakina wamba sitiugwedeza n'komwe, chifukwa timagwedeza mnofu podzera mu mtsempha womwewo. Pamafunika makina apadera a kugunda kwakutali ndi kwamphamvu. Ku Vienna, Helmut Kern ndi anzake anaonetsa kuti anthu opuwala miyendo amene anachita zimenezi pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka ziwiri minofu ya m'ntchafu inakulanso. Kumeneko kuli ngati kupalira munda kuti usamere tchire. Sikufulumizitsa mwini munda kufika. Ndipo akatswiri sagwirizana: kafukufuku wina wa pa makoswe anapeza phindu, wina anapeza kuti kugwedeza mnofu molawirira kunachedwetsa kuchira.

Chimodzimodzi ndi matenda opotoka kamwa mwadzidzidzi, diso limodzi osatsinzina, amene madokotala amawatcha Bell's palsy ndipo kumudzi ena amawaganizira zamatsenga. Pafupifupi 7 mwa 10 amachira okha. Mankhwala a prednisolone akayambidwa m'masiku atatu oyamba amawonjezera mwayi. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa zachipatala, litaunika mu 2011 silinapeze umboni woti magetsi a pankhope amathandiza. Koma kamwa ikapotoka pamodzi ndi kufooka mkono kapena mwendo, kapena kulephera kulankhula, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo ndi ya kuchipatala nthawi yomweyo.

Dzanzi lopanda bala

Ambiri amene amaima pa tebulo la wogulitsa makina sanagwe pa njinga. Ndi amayi ndi abambo otentha mapazi usiku, omva ngati akuponda pa thonje. Pamenepo mtsempha sunaduke pa malo amodzi, ukudyeka pang'onopang'ono kuyambira kunsonga, ndipo chofunika ndi kupeza chimene chikuudya. Matenda a shuga ndiwo amatsogola. Mowa wambiri umatero. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amatero, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Amene anayamba ma ARV kale akukumbukira stavudine, amene ankatentha mapazi mpaka boma linawachotsa pa mndandanda. Khatenso lilipo. Dziko la Malawi linafika pa mlingo woti khate si vuto lalikulu mu 1994, ndipo malo osamalira odwala khate ngati amene anali ku Mua anakhala mbiri, koma odwala atsopano akupezekabe. Chigamba chotuwa pakhungu chimene sichimva kukhudza chimafunika kuonetsa kuchipatala msanga. Mankhwala ake ndi aulere, ndipo mtsempha umene wayamba kufooka m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi ukhoza kupulumutsidwa ndi mankhwala.

Pa matenda onsewa palibe msoko woti mphukira ziwoloke, choncho ola limodzi la m'fiyeta silikugwirizana nawo. TENS ikhoza kupeputsa ululu kwa ena, basi.

Pamene magetsi amavulaza

Izi ndinene mosapita m'mbali, chifukwa kwathu kuno aluso okonza mawailesi ndi ambiri. Magetsi a m'nyumba a ESCOM ndi ma volt 230, ndipo akhoza kuimitsa mtima. Batire la galimoto, la sola, inveta, waya wa pulagi ya njinga yamoto, palibe chimodzi mwa izi choyenera kukhudzitsa pathupi la munthu ngati mankhwala.

Ngakhale kamakina kenikeni kali ndi malamulo ake. Khungu ladzanzi silichenjeza. Munthu amakweza mphamvu poti sakumva kanthu, n'kudzapeza chilonda pansi pa chigamba, ndipo pa phazi la munthu wa shuga chilonda chotero chimavuta kupola. Tizigambato sitiikidwa kutsogolo kwa khosi, pamutu, pabala, pa chotupa, kapena mbali ziwiri za chifuwa moti magetsi adutse pamtima. Mayi woyembekezera, wodwala khunyu, ndi amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda ayambe afunsa kuchipatala. Koma choopsa chimene chimapweteka anthu ambiri si chilonda. Ndi miyezi imene imatha munthu ali pakhomo akudikira makina, mtsempha wake uli woduka, munda uja ukumera tchire.

Kuchokera pa Ntcheu kapena Dedza, njira yake ndi iti

Bala la mpeni, galasi, lata kapena chikwanje limene latsatana ndi dzanzi kapena chala chosagwedezeka, munthu anene zimenezo asanasokedwe khungu. Mawu ake ndi achidule: "Adokotala, chala ichi sindikuchimva." Mtsempha wodulidwa ndi chakuthwa umasokeka bwino m'masiku oyambirira. Pakapita masabata nsonga zake zimabwerera m'mbuyo ngati lasitiki, ndipo pamafunika kuika chigamba cha mtsempha wotengedwa kuseri kwa katumba. Mwana amene wayamba kukoka phazi atabayidwa jakisoni pathako abwerere naye msanga, chifukwa mtsempha waukulu wa mwendo umadutsa pomwepo.

Ngati khungu silinang'ambike, monga zinalili kwa mlamu wanga, madokotala kawirikawiri amadikira pafupifupi miyezi itatu akuyang'anira. Pazipatala za maboma ntchito ya mafupa imagwiridwa kwambiri ndi ma orthopaedic clinical officer, amene Malawi anayamba kuwaphunzitsa mu 1985, ndipo ndi iwo amatumiza odwala kuzipatala zazikulu: Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION chimene chinatsegulidwa mu 2023, kapena Queen Elizabeth ku Blantyre, komwenso kuli Beit CURE ya ana ndi Kachere ya mafizo. Ngati nthawi yapita kwambiri, madokotala a opaleshoni ali ndi njira zina. Amatha kubwereka nthambi ya mtsempha wamoyo wapafupi n'kuilumikiza kufupi ndi mnofu kuti ulendo ufupike, kapena kusamutsa chingwe cha mnofu wamoyo kuti chigwire ntchito ya wakufawo.

M'miyezi yodikira ntchito ilipo, ndipo siifuna batire. Dzanja logwa limafuna chochirikiza kuti lisaumire chopinda. Mfundo za zala azizipinda ndi kuzitambasula tsiku lililonse ndi dzanja linalo, pakuti mtsempha ukadzafika n'kupeza mfundo zitauma, ulendo wonse wapita pachabe. Khungu ladzanzi alitalikitse ku mbaula ndi ku mpoto, makamaka m'nyengo yozizira ya ku Dedza pamene aliyense amakankhira manja kumoto. Fodya amachepetsa magazi opita ku mtsempha. Pa mbewa za m'nyumba zofufuzira, Arthur English wa ku Emory University anapeza kuti kuthamanga kumadzutsa selo lija mofanana ndi magetsi, kudzera mu BDNF yemweyo.

Pali kayezedwe kena kamene ndimakakonda chifukwa kamangofuna chala. Mu 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Jules Tinel wa ku France ndi Paul Hoffmann wa ku Germany, aliyense kumbali yake ya nkhondo, anaona kuti ukagogoda pang'ono motsata njira ya mtsempha wovulala, pamene pafika mphukira munthu amamva nyesi ikuthamangira kunsonga. Malo amenewo akamasunthira kumunsi mwezi ndi mwezi, mtsempha ukuyenda. Akangokhala pamodzimodzi, ndi nthawi yoganizira za opaleshoni.

Mlamu wanga anagula kamakina kaja ndisanamalize n'komwe kumufotokozera. Amati usiku kamamupeputsa phewa, ndipo a mafizo anamuuza pomata tizigambato ndi posamata. Ulendo uliwonse akapita kukaonedwa, amamugogoda mkono n'kulemba kadontho ka bolopeni pamene nyesi yamveka. Kadontho koyamba kanali pakati pa mkono. Kachiwiri kanatsika zala ziwiri. Pa ulendo wachinayi kanali kufupi ndi chigongono, ndipo atamuuza kuti agoneke mkono pa tebulo n'kuyesa kudzutsa dzanja, linanjenjemera n'kudzuka pang'ono, mwina mpata wolowa bokosi la machesi. Zala zikadali lende. Amuuza kuti abwerenso mwezi wamawa, ndipo njinga pakadali pano akuyendetsa mng'ono wake.